Mchenga umene ndinatumiza kwa akalaliki

Munda umene anandisiyira amayi anga uli kumtunda kwa Chia, pamene msewu wafumbi umakhotera kudambo. Si munda woti munthu angautchule pagulu monyada ayi. Chimanga chimakana, mtedza umangoyeserako, koma chinangwa chimabereka, ndipo ndi chimene chinatilera tonse m'nyumba mwathu. Pakati pa mundawo pali chulu. Ndili mtsikana, amayi ankandiimika pachulupo n'kundiwerengetsa mizere ya mitumbira mpaka kukafika pakanjira ka m'malire. Inali isanu ndi inayi. Chaka chilichonse ankandiwerengetsa, ine n'kumanyinyirika kuti kodi mizere imathawa. Iwo ankangoti, "Werenga iwe, usandifunse."

Kutsidya kwa kanjirako kunali munda wa banja lina la m'mudzi mwathu momwemo. Mwini wake weniweni anali mayi wina wofatsa, mnzanga wa kuchitsime, koma wolamula anali mwamuna wake, mkamwini wochokera cha kumpoto. Bamboyu anagwirako ntchito ya ukalaliki ku ofesi ina ya ku Dwangwa, ndiye ngakhale atapuma, aliyense ankangowatchula kuti akalaliki. Cholembera sichinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale popita kukalima. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, koma awa mwendo wawo unakula mpaka kudzaponda m'munda mwanga.

Kuba kwawo kunali kopanda phokoso. Kwathu kuno munthu saponda pamtumbira wa mnzake, ngakhale mwana amakula akudziwa zimenezo. Ndiye akalaliki akamaunga mitumbira yawo ya kumalire, ankaisendeza pang'ono kuti m'mphepete mwake mugwere pakanjira. Pang'ono pokha, kukula ngati phazi la munthu. Anthu opita kudambo akafika pamenepo ankalambalala mwaulemu n'kumaponda mbali yanga, pamene ine ndinkasiya kampata. Chaka chikamatha, njira yasuntha. Ine pobwera ndi khasu ndinkapeza polimba kuti gwa, n'kunena kuti apa ndi panjira, n'kuunga mtumbira wanga chakuno. Mwamva zimenezo? Ndinkadzibera ndekha ndi khasu langa lomwe, iwo akungoyang'ana.

Zaka zimenezo maso anga sanali kumunda. Bambo a kunyumba kwanga anadwala nthawi yaitali, lero kuchipatala, mawa kwa asing'anga, ndipo kumunda ndinkangopita mothamanga kukazula pang'ono n'kubzalanso pomwepo. Chinangwa nachonso chikakula chimabisa zambiri. Atamwalira bambowo, titachita sadaka, ndinaganiza zozula munda wonse kuti ndiyambenso bwino. Munda utayera, ndinakwera pachulu paja ngati kale, n'kuyamba kuwerenga. Isanu ndi umodzi. Ndinatikita m'maso n'kuwerenganso. Ndinatsika, n'kuyenda ndikugunda mtumbira uliwonse ndi mpini wa khasu. Isanu ndi umodzi basi. Mizere itatu yathunthu, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, inali kutsidya kwa njira, chinangwa cha akalaliki chikubiriwira pamenepo.

Ndinapsa mtima kwambiri. Mizere itatu kwa mayi wamasiye ndi chakudya cha miyezi iwiri, musamaone ngati ndi masewera. Komanso chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti anachita zimenezi ine ndili kalikiliki kutembenuza wodwala pamphasa. Ankabwera kudzazonda, atanyamula tinsomba, n'kumati, "Limbani mtima, mayi." Kuchoka apo n'kukasendeza mtumbira.

Nkhaniyi ndinakaitula kwa amalume anga, ndipo tinakumana m'mawa wina pakanjira pomwepo. Mbali yanga kunali amalumewo, nkhalamba yokonda tiyi kuposa abale ake. Mbali inayo kunali akalaliki, mkazi wawo ndi mlongo wake wa mkaziyo. Ine ndinafotokoza zonse, za chulu, za mizere isanu ndi inayi, za amayi anga. Ndinaloza ndi chala chitsa cha mtengo wa mango chimene aliyense ankadziwa kuti chinali chathu, tsopano chili pakati pa chinangwa chawo. Mlandu unali woonekeratu ngati mbuzi pakati pa nkhuku.

Akalaliki anamvetsera akugwedeza mutu ngati akundimvera chisoni. Kenako anasolola cholembera chija m'thumba, n'kuloza nacho pansi.

"Mayi, musandinamizire pamaso pa akuluakulu. Ine sindinasunthe kanthu. Izi ndi zimene anthu ophunzira amati gradual accumulation."

Iwo poona kuti mawuwo agwira ntchito, anawonjezera ena ambiri, Chingerezi chokhachokha, akuloza kumtunda, akuloza kudambo, akujambula mizere m'mwamba. Amalume anakanda m'mutu n'kufunsa, "Ndiye kuti chiyani, achimwene?"

"Pachichewa mawu ake kulibe, akulu. Ndi za m'mabuku."

Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, ndipo Chingerezi chinkanditseka pakamwa kuyambira ndili mwana. Munthu ungakangane bwanji ndi mawu amene sukuwamva? Amalume anatembenukira kwa ine n'kuti, "Iwe, ngati zili m'mabuku ife tingatani? Dothi silitha. Lima pamene patsalapo, ukhale bwino ndi anzako." Mlandu unathera pomwepo. Ndikubwerera kunyumba ndinawaona amalume anga enieni akulowera kwa akalaliki, kumene anawaitanira tiyi wamkaka.

Tsiku limenelo sindinalire. Ndinangotsonya, n'kunena mumtima kuti mlandu suwola.

Mawu aja anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndinkawabwereza ndekha kuti ndisawaiwale, mpaka tsiku lina kunabwera amadamu ena a kusukulu ya pulayimale, amene ankakonda kudzagula makaka a chinangwa ndi chigwada kwa ine. Ndinawakhazika pamkeka n'kuwatchulira mawuwo mmene ndinawamvera. Anandibwerezetsa katatu, kenako anaphulika kuseka.

"Amayi, zimenezo ndi kuunjikana pang'onopang'ono."

"Basi?"

"Basi. Ngati mmene phulusa limachulukira kudzala."

Asa! Ndinangoti kukamwa yasa. Ndiye kuti munthu uja anaima pamaso pa amalume anga n'kuvomera yekha kuti munda wanga unkapita pang'onopang'ono, ife n'kumuwombera m'manja chifukwa ananena m'chinenero cha azungu. Ati pachichewa mawu ake kulibe! Kodi amene anati pang'onopang'ono ndi mtolo anali mzungu?

Ndinawauza amadamuwo kuti andipatse mawu ena onse amtundu umenewo amene ankawadziwa. Anadabwa, koma anayamba kutchula. Little by little. Bit by bit. It builds up. It piles up. Anatchula ambiri, ena ndinawataya chifukwa ankandipinda lilime. Ndinang'amba tsamba la kalendala yakale n'kulemba kuseri kwake m'kalembedwe kangakanga. Ndinaona kuti azungu ali ndi mawu ochuluka zedi onenera chinthu chimene chimakula munthu osachiona, mwina nawonso amaberana minda. Amadamu aja ndinawapatsa makaka odzaza beseni kwaulere. Kuyambira pamenepo ndikamasinja pamtondo ndinkatchula mawu aja motsatira munsi, anthu odutsa n'kumayesa kuti imfa ya mwamuna yandisokoneza mutu.

Mawu ndinali nawo tsopano, koma mawu okha sabweza munda. Chochita ndinachipeza mvula yoyamba itagwa. Inandipeza ndili kumunsi kwa munda wanga, ndipo ndinabisala pansi pa nthochi n'kumangoyang'ana madzi. Madzi onse ochokera kumsewu ankatsika ndi kanjira ka m'malire kaja, ofiira, atanyamula mchenga. Akafika pakona ya munda wanga ankakhotera kumanzere n'kukatayika m'mabango mopanda mwini. Chimene chinkawakhotetsa chinali kachitunda kaudzu, kakang'ono, kofika m'bondo. Kuseri kwa kachitundako, chakumanja, kunali chigawo cha dambo cha akazi a akalaliki. Dothi lakuda bii, lonona, lobereka mpunga wa faya umene ukamaphikidwa fungo lake linkafika mpaka kwathu. Banja lonse lija linkadalira pamenepo. Ndipo kachitunda kaja kanali m'gawo langa, pamene madziwo ankafika tsopano chifukwa cha kusuntha kwa njira kumene anachita okha.

Sindinachite mobisa. Ndinapita masana dzuwa likuswa mtengo, ngati munthu wopalira m'munda mwake, n'kukhapa kachitundako kamodzi kokha. Khasu limodzi, kukula ngati phazi la munthu, muyeso wawo womwe uja. Mbali ya kumabango ndinagonekako thunthu la nthochi ngati langogwa lokha. Ndinapukuta khasu n'kubwerera kunyumba ndikuyimba.

Chaka choyamba mchenga umene unalowa m'dambo mwawo unali wokwana mkeka umodzi. Palibe anaulabadira. Ine ndinkadutsa dala kumeneko popita kukagula nsomba, n'kuima pang'ono ngati ndikukonza chitenje, kuyang'ana kachigamba koyerako. Mtima wanga unkangoti myaa. Chaka chachiwiri ndinakhapanso kamodzi. Mchenga unakwana bwalo la nyumba, ndipo mbande zimene anawokera pamenepo zinasanduka zachikasu n'kufa ziliimire. Chaka chachitatu sindinavutikenso n'kukhapa kwambiri, madzi anali atadziwa njira. Ndinkati ndikamva mvula ikugunda padenga, anzanga akudandaula za zovala zawo pachingwe, ine ndikumwetulira ndekha kuti tumizani, tumizani ndithu.

Ndisanameko, zinkandikoma. Anthu amakonda kunena kuti kubwezera kumawawa mwini wake, koma ine zaka zimenezo ndinanenepa.

Chaka chachinayi akalaliki anabwera. Anandipeza ndikusenda chinangwa pakhonde, amayi ena atatu a m'mudzi ali pomwepo, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti wanditumizira mboni. Nkhope yawo inali itagwa, cholembera chili m'thumba monga mwa masiku onse.

"Mayi, madzi a m'munda mwanu akutiwonongera mpunga. Theka la dambo lija ndi mchenga wokhawokha. Mwachita chiyani kumtunda kuja?"

Ndinapitiriza kusenda. Ndinatenga nthawi yanga, n'kuponya chinangwa m'chidebe, n'kupukuta manja pachitenje. Ndinali nditadikira tsiku limeneli zaka zinayi, sindikanalithamangira.

"Ine bambo? Ine ndine mbuli, ndingalamule madzi? Izi ndi zimene ophunzira amati gradual accumulation."

Anadzidzimuka ngati aponda moto. Ine sindinalekere pomwepo.

"Little by little, bambo. Bit by bit. It piles up. Pachichewa mawu ake kulibe, ndi za m'mabuku. Kapena ndikuitanireni amalume adzakumasulireni?"

Amayi aja anagwa nako kuseka, wina mpaka kugubuduka pamkeka, ngakhale sankamva n'limodzi lomwe. Chingerezi chonse chija chinawathawa. Anatembenuka n'kumapita, ndipo ine ndinawakuwira kumbuyo kuti, "Dothi silitha, bambo! Limani pamene patsalapo!" Madzulo ake nkhani inali itafika mpaka kumsika, ndipo kwa mwezi wathunthu ana ankawatsatira akalaliki m'njira akuyimba kuti bitibaibiti.

Patapita masiku angapo mkazi wawo anandipeza kuchitsime tili awiri. Chiyambire mlandu uja tinkangopatsana moni wouma. Anatula chidebe chake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Anzanga, dambo lija si la iwo aja. Ndi langa, anandisiyira amayi anga ngati mmene anakusiyirani inu munda wanu."

Mawu amenewo anandilasa, sindikana. Koma ndinaumitsa mtima n'kumufunsa kuti, "Nanga chinangwa cha m'mizere yanga anadya okha? Inu munkasala? Pamlandu paja munali pomwepo, chitsa cha mango mumachidziwa, munayankhulapo?" Ndinamuuza kuti tsiku limene mizere yanga itatu idzabwerere, madzi nawonso adzabwerera kumabango. Anasenza chidebe chake n'kumapita. Masiku otsatira ndinkamuona m'dambo muja ali yekha ndi beseni, akuwola mchenga n'kukataya kumbali, msana uli wopindika. Ndinkayang'ana kumbali n'kupitiriza ulendo wanga.

Mizere sinabwerere. Akalaliki anali munthu woti bola afe ndi njala kusiyana n'kuvomera pagulu kuti anaba. Nanenso ndinali chimodzimodzi, ndiye tinangokhala choncho, mvula n'kumagwa. Pofika chaka chachisanu ndi chimodzi, pamene ndinakhapa paja panali chigwembe chofika m'chiuno, ndipo dambo lija linali litayera kuti mbee, kupatula kachigawo kakang'ono kumapeto. Ana awo aakazi awiri akuluakulu anali atapatsidwa kale zigawo zina zabwino kutali ndi pamenepo, ndiye banjalo silinafe ndi njala, koma fungo la faya linasiya kutuluka m'nyumba mwawo.

Ine mwana ndinabereka mmodzi yekha, wamwamuna. Nthawi yonseyi anali kunyanja cha ku Bua, kumene ankagwira ntchito ya usodzi m'bwato la munthu wina, ndipo kunyumba ankangobwera mwa apo ndi apo. Za mchenga sindinamuuzepo. Tsiku lina anafika atanyamula nsomba ziwiri zikuluzikulu za mpasa ndi shuga, n'kukhala pansi mwaulemu wachilendo. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Amayi, ndapeza mbeta. Ndikufuna amalume akandifunsirire."

"Zabwino zimenezo. Wa kuti?"

Anayang'ana pansi n'kutchula mwana wotsiriza wa akalaliki.

Mayo ine! Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinamufunsa ngati atsikana atha m'boma lonse la Nkhotakota, kuyambira ku Dwambazi mpaka kuno, kuti akatole mwana wa mbava. Ndinamuuza kuti akakwatira kumeneko asadzapondenso pakhomo panga, ndipo ndikadzafa asadzagwire mtembo wanga. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Kenako anati, "Amayi, ndi woyembekezera. Miyezi inayi."

Pamenepo mkwiyo ulibenso ntchito. Ankhoswe anayenda, ukwati unachitika, ndipo mwana wanga anakamanga nyumba kuchikamwini monga mwa mwambo wathu. Mtsikanayo ndinayesetsa kumuda koma ndinalephera. Anatengera mayi ake, wofatsa, wogwada popereka madzi, wosabweza mawu.

Itakwana nthawi yowapatsa polima, anatiitana tonse kuti tikaone. Ndinkayenda kumbuyo kwa gulu, ndipo nditaona kumene tikulowera, ndinayamba kukoka miyendo. Tinakaima m'mphepete mwa dambo lija. Mchenga unkawala mpaka kuthobwa m'maso. Zigawo zabwino zinali zitapita kale kwa akulu ake, chotsala cha mwana wotsiriza chinali chimenechi. Akalaliki anaima pambali panga, atakalamba tsopano, akutsamira ndodo. Tsiku limenelo sanalankhule Chingerezi n'chimodzi chomwe.

"Asewere," anatero, "munda wa ana athu ndi umenewu. Sindikufotokozerani zambiri, inu mukuudziwa bwino kuposa ine."

Ndikanakhala ndi khasu m'manja, sindikudziwa chimene chikanachitika. Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana kutsogolo, kukamwa kukuoneka ngati kukufuna kumwetulira. Ndinadana nawo tsiku limenelo kuposa masiku onse a m'mbuyo.

M'mawa mwake ndinalawirira kuchigwembe kuja kukatseka. Ndinkayesa kuti chimene ndinatsegula ndi khasu limodzi ndingatsekenso ndi khasu limodzi. Ha! Ndinaponyamo miyala, matumba a dothi, mathunthu a nthochi, mvula imodzi yokha n'kukokolola zonse kukaziunjika m'dambo momwemo. Ndinabzala nsenjere, ndinakhoma zikhomo, ndinakumba ngalande yatsopano yolowera kumabango mpaka manja anatuluka matuza. Zinanditengera dzinja lonse kuti madzi amvere, ndipo pamene ankamvera anali atawonjezera kale mchenga wina.

Chaka chimenecho ana aja anakolola mpunga wosadzaza thumba limodzi, khanda lili m'manja. Mwana wanga anabwera kunyumba osanyamula kanthu, ndipo sanakhale pansi.

"Amayi, anthu akunena kuti mchenga uja munatsegulira ndinu. Ndi zoona?"

"Ndi zoona. Ndinkalanga mbava. Ukafunse apongozi akowo za mizere itatu ya agogo ako."

"Mbava yanuyo ikudya mpunga kwa ana ake ena, amayi. Amene tikugona ndi njala ndi ife."

Sanakalipe, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Anangonena kuti abwerera ku Bua akagwire ntchito miyezi ingapo kuti apeze chodyetsa banja, n'kutuluka. Anasiya mkazi ndi khanda.

Mvula yotsatira itangoyamba ndinatenga khasu, dengu ndi nkhata n'kutsikira kudambo. Ndinati ndikumbe kaye ndione kuti dothi lakuda lili pati. Ndinakumba kufika m'bondo, mchenga. Ndinakumbabe, mchenga. Dothi ndinalipeza dzenje litandifika m'ntchafu, lakuda bii ngati kale, lonunkhira bwino, likungodikira. Ndinakweza mutu n'kuyang'ana kutalika kwa dambolo, n'kuyang'ana dengu langa. Ndinatukwana akalaliki, ndinatukwana amalume anga amene anali atagona kale kumanda, kenako ndinadzaza dengu loyamba.

Nditalisenza ndinadzifunsa kuti ndikataye kuti. Kumabango kunali pafupi. Koma maso anga anapita kumtunda, kumizere itatu ija. Mvula yoyamba inali itagwa, mitumbira inali yatsopano, ndipo chinangwa chinali chitangophuka timasamba tanthete. Mtima uja unadzukanso wonse. Ndinati ngati ndikuthyoka msana chifukwa cha munthu ameneyu, ndiye mchenga wakewu akaulandire pakhomo. Ndinakwera chitunda chonse ndi dengu pamutu, n'kukhuthulira pamtumbira woyamba mpaka timasamba tonse tinakwiririka. Ulendo unali wautali kawiri, koma miyendo inkapepuka.

Ndinachita zimenezo masiku atatu. Mzere umodzi unatha, ndinayamba wachiwiri. Ndinkayembekeza kuti akalaliki abwera kudzalalata, ndipo mawu owayankha ndinali nditakonza kale.

Tsiku lachinayi, ndikukwera ndi dengu lodzaza, ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali mpongozi wanga, mwana ali kumsana, khasu lili m'manja. Anali atapita kwa akulu ake masiku angapo kukapempha ufa, ndipo anali atangobwerako. Anayang'ana mzere wokwiririkawo nthawi yaitali. Kenako anagwada pakanjira paja, monga amachitira nthawi zonse polankhula nane.

"Amayi, pepani. Mizere iyi anatipatsa ife mpunga utakanika. Ababa anati ndi ya kwanu komwe, ibwerere kwa mdzukulu wanu. Ndinabzala ndekha mwezi wathawu, mbewu yake ndinachita kupempha." Anakonza mwana kumsana. "Ndi chimene timati tidzadye chaka chamawa."

Mwana kumsana kuja anali atadzuka, akundiyang'ana ndi maso a bambo ake, akuyamwa chala. Mpongozi wanga anadzuka, n'kupita pamtumbira woyamba, n'kuyamba kufukula mchenga ndi manja pang'onopang'ono kuti asathyole chimene chingakhale chikadali moyo pansipo. Anatulutsa kamtengo kamodzi, masamba ake atafota kale, n'kukaika pambali. Anafukula pena.

Ine ndinali chiimire pakanjira, dengu lili pamutu, mchenga ukundigwera m'maso. Khosi linkawawa, koma sindinadziwe koti ndikatule.